Dothi la m'munda mwa amayi anu lapita kuti?

Ana amene ndimawaphunzitsa kuno ku Angonia ndi akhama. Mukawafunsa kuti chilengedwe n'chiyani, amaimirira n'kulakatula tanthauzo lonse m'Chipwitikizi osaphonya liwu ndi limodzi lomwe, monga momwe lalembedwera m'buku. Koma mukawafunsa kuti chigwembe chimene chang'ambika kumunsi kwa munda wa amayi awo chachotsa dothi lochuluka bwanji, nanga dothilo lili kuti lero, kalasi yonse imangoti zii. Sindiwadzudzula ayi. Akula akumva ngati sayansi imakhala m'mabuku ndi m'nyumba zoyezera zinthu za ku Maputo, ndipo munda, dambo ndi chitsime ndi nkhani za kumudzi zosayenera kulowa nazo m'kalasi. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa mwana wokulira pakati pa Domwe ndi Tsangano waona kale ndi maso ake zambiri zimene bukulo likuvutika kumufotokozera.

Choncho ndikulembera inu amene mukuyamba kumene sayansi ya zachilengedwe, kaya muli ku sekondale, kaya mwangolowa pa sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulongwe, kapena mukuphunzira za migodi ku Tete ndi ku Moatize. Phunziroli limabwereka nzeru uku ndi uku: za zamoyo, za miyala ndi nthaka, za nyengo, za mankhwala, ngakhale za malamulo ndi chuma. Woyamba kumene mutu umamuzungulira. Koma ntchito yake yeniyeni ndi kulondola chinthu mapazi. Chachokera kuti? Chikupita kuti? N'chochuluka bwanji? Batire yakutha imene mwaiponya kuseri kwa khola mumati mwataya, koma ili pompo, ikuchita dzimbiri, ndipo zam'kati mwake zikutsikira m'nthaka limodzi ndi madzi a mvula. Chinthu sichizimiririka, chimangosamuka kapena kusandulika china. Mukagwira mfundo imeneyi, mitu yambiri ya m'buku idzayamba kulumikizana yokha.

Mphamvu zimene zimayendetsa zamoyo zimachokera ku dzuwa. Tsamba la chimanga limatenga kuwala, madzi ochokera ku mizu ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, n'kupanga shuga, ndipo limatulutsa okosijeni amene ife timapuma. Mbewa ikadya chimanga imatenga mphamvuzo, kadzidzi akadya mbewa amazitenganso. Koma pa kudyana kulikonse, mphamvu zimene zimafika kwa wodyayo n'kukhala mnofu wake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi basi. Zotsalazo zimathera pa kuyenda, kupuma ndi kutentha kwa thupi. N'chifukwa chake udzu ndi wochuluka kuposa mbewa, ndipo mbewa ndi zochuluka kuposa akadzidzi. Ndikudziwa kuti kadzidzi akalira pa denga usiku ambiri mtima umawagunda, ndipo m'mawa anyamata amamusaka ndi legeni. Komatu mbalame imeneyi imadya makoswe ndi mbewa usiku ndi usiku. Mudzi wotha akadzidzi umadyetsa makoswe chimanga cha m'nkhokwe.

Mphamvu za dzuwa zimangodutsa, sizibwerera. Koma madzi, nayitirojeni ndi kaboni zimazungulira, ndipo pa madzi ndi pamene ndikufuna tikhalitse.

Kwerani minibasi (chapa) ku Tete m'mwezi wa Okutobala kulowera ku Ulongwe, ndipo mukhale pafupi ndi zenera. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo osafika ngakhale mamita 200 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi imeneyi kutentha kumapyola madigiri 40. Ulongwe ali pa mamita oposa 1,200, pamene phiri la Domwe limafika mamita 2,095. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Mudzaona milambe, masawu ndi tsanya zikutsalira kumbuyo, mombo ndi msuku zikuyamba. Mbuzi za kuchigwa zikuchepa, minda ya mbatata ya kachewere, nyemba ndi fodya ikuchuluka. Ku Tete mvula ya chaka chonse imakhala cha m'ma mamilimita 600, kuno kumtunda imafika cha m'ma 1,000. Kutalika kwa malo, kutentha, mvula, nthaka, mitengo, ziweto ndi zimene anthu amadya, zonsezi n'zomangana. Ulendo wa tsiku limodziwu uli ndi phunziro lonse la mmene zopanda moyo zimalamulira zamoyo.

Koma kodi milimita ya mvula ndi chiyani kwenikweni? Ambiri amamva pa wailesi a INAM, bungwe loona zanyengo, akutchula manambala, koma sawaona m'maso. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Hekitala ili ndi malo otere okwana 10,000. Ndiye kuti mvula ya mamilimita 50, ija imagwa madzulo amodzi a Januwale mpaka kudula njira ya kuchigayo, imathira malita 500,000 pa hekitala imodzi. Amenewo ndi migolo 2,500 ya malita 200. Imani m'munda mwanu n'kuganiza migolo yonseyo itakhuthulidwa m'maola awiri. Madziwo ali ndi njira zitatu zokha: kulowa pansi, kuthamanga pamwamba, kapena kubwerera kumwamba ngati nthunzi kuchokera pa dothi ndi m'masamba. Olowa pansi ndi amene amasunga chinyontho ku mizu, amadzaza zitsime ndi mijigo, ndipo amatuluka pang'onopang'ono m'dambo mpaka Seputembala kuti mulime dimba. Othamanga pamwamba ndi amene amanyamula dothi.

Nayi ntchito imene ndimapatsa kalasi iliyonse yatsopano. Pezani mabotolo awiri oonekera m'kati. Mvula yaikulu ikamatha, tungani madzi othamanga kumunsi kwa munda wolimidwa pamalo otsetsereka. Botolo linalo tungani m'munsi mwa nkhalango ya kumanda, pamene madzi akutulukira. Kumandako musalowe, mukudziwa mwambo; ndipo muyambe mwapempha kwa amfumu kuti asakudabweni. Ndimasankha manda chifukwa m'midzi yambiri ndi malo okha kumene nkhwangwa sinafike, kumene mitengo yachilengedwe idakalipo ndipo pansi pali masamba ofunditsa nthaka. Nthawi zina mudzavutika ndi kupeza madzi otunga kumeneko, chifukwa ambiri alowa pansi, ndipo chimenechonso muchilembe. Ikani mabotolowo pa zenera, osawagwedeza. M'botolo la kumunda, mchenga udzakhala pansi musanamalize n'komwe kusamba m'manja. Pakapita maola angapo, pamwamba pa mchengawo padzayala dothi losalala ngati ufa. Madzi adzakhalabe ofiira masiku awiri kapena atatu, chifukwa tinthu ta dongo n'tating'ono kwambiri moti timachedwa kumira. Pamwamba penipeni padzayandama tizinyalala takuda, zotsalira za mapesi ndi manyowa. Tengani rula muyeze matopewo. Kenako yang'anani botolo la kumanda.

Chimene mwachitacho ndi mtima wa kafukufuku: kuyerekeza malo awiri amene alandira mvula imodzimodzi tsiku limodzimodzi, osiyana pa chinthu chimodzi chachikulu. Ngati malo amodzi ali potsetsereka kwambiri ndipo enawo ali pachidikha, kuyerekezako kwalakwika, musankhenso. Ndipo botolo limodzi si umboni. Bwerezani pa mvula zingapo. Dziwaninso kuti chimene chili m'botolomo si dothi wamba. Ndi lapamwamba, lija lakuda, mmene muli chonde, nyongolotsi ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso. Kuti sentimita imodzi ya dothi lotere ipangike kuchokera ku miyala ndi zowola pamatenga zaka mazana. Dontho la mvula likamenya dothi lopanda chofunda limaphwanya zibuma, tinthu ta dongo timatseka timabowo, ndipo madzi otsatira amalephera kulowa. Mizere ikakhala yolunjika kumunsi, mwawakonzera kale msewu. Mizere yopingasa, akalozera, udzu wa vetiva kapena nsenjere m'malire, ndi kusiya mapesi pansi, zonsezi cholinga chake n'chimodzi, kuchedwetsa madzi kuti apeze mpata wolowa.

Tsopano londolani madzi aja apulumuka m'mundamo. Alowa m'khwawa, khwawa lathira mu mfuleni, ndipo mifuleni yambiri ya kuno imakathera mu Revubwe, mtsinje umene umayambira kumtunda kuno n'kukalowa mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Dera lonse limene madzi ake amathira mu mtsinje umodzi limawerengedwa ngati chinthu chimodzi, ngakhale lidutse malire a maboma kapena a mayiko. Wa ku Angonia ndi wa ku Chingodzi mumzinda wa Tete mwina sadziwana, koma amamwa ndi kulira ndi madzi amodzi. Mu Malichi 2019 Revubwe anasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Tete, masiku ochepa namondwe wa Idai asanagwetse Beira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anabweretsa madzi amene anagwetsa mlatho wa pa Revubwe, ndipo anthu anataya miyoyo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo nyumba zambiri zimene zinamira zinali m'mphepete mwa mtsinjewo.

Apa ndipamene ndimawachenjeza ana anga. N'kosavuta kuimirira n'kunena kuti mlathowo unagwa chifukwa anthu a kumtunda anadula mitengo. Mawu otere amakoma m'khutu, ndipo pamsonkhano amakuomberani m'manja. Koma mvula ya namondwe ikagwa usana ndi usiku, nthaka imakhuta ngakhale pansi pa nkhalango yowirira, ndipo mtsinje umasefukirabe. Chimene tikudziwa bwino n'chakuti malo opanda mitengo ndi udzu amatulutsa madzi mofulumira, amatumiza mchenga wambiri wokwirira mtsinje, ndipo amasunga madzi ochepa a m'chilimwe. Kuti munene kuti kudula mitengo kunawonjezera madzi ochuluka bwanji tsiku limenelo, mufunika miyezo ya mvula, ya msinkhu wa mtsinje, ndi zithunzi zoonetsa mmene nkhalango yasinthira pa zaka zambiri. Kukayikira ndi poyambira pabwino, koma musakutche umboni. Wophunzira amene amasiyanitsa ziwirizi ndimamudalira kuposa woloweza buku lonse.

Za nayitirojeni n'zodabwitsa. Pa magawo 100 alionse a mpweya umene tikupumawu, 78 ndi nayitirojeni, 21 ndi okosijeni. Komabe chimanga chimachita chikasu chifukwa chosowa nayitirojeni yemweyo, poti sichitha kumutenga mumpweya. Mlimi amakagula thumba la feteleza wa yureya, mmene muli magawo 46 pa 100 a nayitirojeni, kapena la 12-24-12 lobzalira. Koma zulani mtedza, soya kapena nyemba ili pafupi kuchita maluwa, mutsuke mizu bwinobwino. Mudzaona timatuza tozungulira tomatirira ku mizuyo. Dulani kamodzi ndi lezala. Ngati m'kati muli mofiirira, dziwani kuti mabakiteriya ali pa ntchito, akukoka nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Nandolo amachita chimodzimodzi, ndiponso mtengo wa msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kusiya chimanga cha pansi pake chikulandira dzuwa. Agogo athu pobzala nyemba m'chimanga ndi pogoneka munda kukhala tsala ankatsata zimenezi.

Nthaka ili ngati nkhokwe: thumba lililonse la chimanga lochoka m'munda latapamo, ndipo wongotapa osabwezera tsiku lina adzakanda pansi. Sinditsutsa feteleza, chifukwa popanda iye mabanja ambiri kuno sakanakolola zokwanira. Koma feteleza sabwezera zowola zimene zimagwira madzi ndi kumanga dothi. Ndipo wothiridwa mvula yaikulu ili pafupi amangotsukidwa, ndalama n'kupita ku mtsinje kukameretsa ndere. Moto wa nthawi yososa nawo umatilanda zambiri. Mapesi akapsa, nayitirojeni wambiri amathawira kumwamba ndi utsi. Phulusa limatsala ndi potaziyamu ndi michere ina, koma mphepo ya Okutobala ndi mvula yoyamba zimaliulutsa ndi kulikokolola. Anyamata otentha tchire lonse pofuna mbewa zodzaza kathumba kamodzi amandimvetsa chisoni, chifukwa moto womwewo umapha timitengo tongophuka kumene.

Nkhalango yathu ya miombo ili ndi chinsinsi pansi. Bowa wambiri amene amayi amazula m'dzinja, monga ndelema ndi manyame, amakhala molumikizana ndi mizu ya mombo, msuku ndi mitengo ina yachilengedwe. Bowa amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere, mtengo umamupatsa shuga. Mukadula nkhalango n'kubzala bulugamu, mitengo ilipo ndithu, koma ndiwo zija zapita, masuku apita, uchi wachepa. Ndiye powerenga phindu la nkhalango musawerenge matabwa okha. Ubwino wa miombo ndi wakuti chitsa sichifa msanga. Mizu ikakhala yamoyo chimaphukira, ndipo mudzi ukateteza malo ku moto ndi mbuzi, n'kumapatulira mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, nkhalango imabwerera mofulumira kuposa kudikira mbande za ku nazale zimene zambiri zimauma chaka choyamba.

Za makala ndinene mosabisa. Pa uvuni wadothi, kuti mupeze kilogalamu imodzi ya makala mumawotcha makilogalamu asanu a mitengo kapena kuposerapo. Ndi chiwonongeko chachikulu. Koma sindilola mwana m'kalasi mwanga kunyoza bambo wokankha matumba pa njinga kupita nawo ku msewu. Londolani thumbalo: likukathera pa mbaula ya m'tauni, mwina ya mphunzitsi, ya namwino kapena ya wapolisi, amene gasi kapena magetsi ophikira sawakwanitsa. Zigafa za fodya nazo zimadya mitengo, ndipo fodyayo ndi amene amalipira sukulu ya ambiri mwa inu. Vuto la chilengedwe nthawi zonse limakhala ndi anthu m'kati mwake, ndipo yankho losaganizira mphika wa munthu silikhalitsa.

Kaboni ndiye amatifikitsa ku Moatize. Malasha a kumeneko ndi zomera za m'madambo akalekale, zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, zimene zinakwiririka n'kupanikizika pansi. Kaboni amene zomerazo zinakoka mumpweya nthawi imeneyo wakhala ali chigonere. Kuyambira 2011, pamene mgodi waukulu unayamba kutulutsa malasha, sitima zakhala zikuwanyamula kupita ku doko la Beira, kenako ndi la Nacala lomwe, njanji ya ku Nacala n'kudutsa m'Malawi. Akakawotchedwa kutsidya kwa nyanja popanga zitsulo ndi magetsi, kaboni uja amabwerera mumpweya. Mafakitale asanayambe, kaboni dayokisaidi anali pafupifupi magawo 280 pa miliyoni. Lero wapyola 420. Mpweya umenewu umalola kuwala kwa dzuwa kulowa, koma umagwira kutentha kumene dziko likubweza kumwamba. Dziko latentha kale ndi digiri yoposa imodzi, ndipo 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse kuyambira pamene anthu anayamba kulemba miyezo. Mpweya wotentha umanyamula nthunzi yambiri, choncho mvula ya namondwe imabwera yolemera. Mozambique amatulutsa utsi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mayiko olemera, koma Idai, Ana ndi Freddy wa 2023 anagwera ife. Chilungamo pamenepa palibe, ndipo wophunzira sayansi asachite manyazi kunena zimenezo.

Koma samalani ndi chizolowezi chotchula kusintha kwa nyengo pa chilichonse. Chaka chimodzi cha ng'amba sichitsimikiza kanthu. Ng'amba za 2015 mpaka 2016 ndi 2023 mpaka 2024 zinadza ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo n'kuchepetsa mvula kum'mwera kwa Africa. Akatswiri amati kuti munene za nyengo ya dera muyenera kuona miyezo ya zaka 30. Chitsime chikauma, funsani kaye ngati dambo la kumtunda kwake lalimidwa, ngati pabzalidwa bulugamu pafupi, ngati otunga achuluka. Kuloza kumwamba nthawi zina kumatibisira zimene tikanakonza ndi manja athu.

Cahora Bassa ndi phunziro la mtundu wina, la kusinthanitsa. Damu limeneli, la pa Zambezi pafupi ndi Songo, linatsekedwa mu 1974, khoma lake ndi lotalika mamita 171, ndipo limatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075 popanda kuwotcha malasha. Ambiri mwa magetsiwo amagulitsidwa ku South Africa kudzera pa nthambo za makilomita pafupifupi 1,400. Kuyambira 2007 gawo lalikulu la kampani yake lili m'manja mwa Mozambique. M'nyanja imene inapangika muli kapenta, kansomba kochokera ku nyanja ya Tanganyika, kamene kanaikidwa m'damu la Kariba kumtunda kwa Zambezi m'zaka za m'ma 1960 n'kutsika ndi mtsinje, ndipo lero kakudyetsa ndi kulemba ntchito anthu ambiri. Zonsezi ndi phindu lenileni. Koma Zambezi asanatsekedwe ankasefukira chaka ndi chaka pa nthawi yake, n'kuyala dothi lachonde m'minda ya m'mphepete, n'kudzaza madambo oswanirana nsomba mpaka ku Marromeu. Tsopano dothilo limakhala pansi pa nyanja ya damu, ndipo madzi amatulutsidwa motsata kufunika kwa magetsi. Ofufuza anaona madambo a kumathiriro akuuma, ndipo anapeza kuti tinkhanu tam'nyanja totchedwa camarão togwidwa kugombe la Sofala timadalira kayendedwe ka madzi a Zambezi. Pamene damu lina la Mphanda Nkuwa likukonzedwa kumunsi kwake, funso la wophunzira lisakhale longoti damu ndi labwino kapena loipa. Afunse kuti apindule ndani, ataye ndani, ndipo wotayayo anamufunsa kodi?

Pa zoipitsa madzi nditchule mekyule, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, chifukwa abale athu ambiri akukumba golide ku Chifunde, ku Macanga ndi ku Maravia. Amasakaniza mekyule ndi dothi losefa kuti agwire golide, kenako amawotcha kampira kotsalako. Utsi wake umalowa m'mapapo a wowotchayo ndi a mwana amene waima pambali. Mekyule wina amatsukikira mu mtsinje, mmene mabakiteriya a m'matope amamusandutsa mtundu wolowa m'thupi la zamoyo osatulukamo msanga. Kansomba kamadya tizilombo, nsomba yaikulu imadya tinsomba tambiri, ndipo poizoni amaunjikana akamakwera. Amawononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya mwana ali m'mimba. Dziko linaona kuopsa kwake ku Minamata ku Japan, kumene matenda ake anatulukira mu 1956, ndipo pangano la mayiko la 2013 loletsa kufala kwa mekyule linatenga dzina la mzindawo. Madzi oyera m'maso si onse abwino kumwa. N'chimodzimodzi ndi chitsime choyandikana ndi chimbudzi: alangizi azaumoyo amati pakhale mamita osachepera 30, ndipo chimbudzi chikhale kumunsi, chifukwa kolera amayenda ndi madzi apansi. Botolo la mankhwala opopera tomato lisatsukidwe pa chitsime cha m'dimba pamene ana amamwa.

Mwina mukufunsa kuti kuyeza konseku kudzakuthandizani chiyani. Dziko lathu lili ndi lamulo la zachilengedwe, nambala 20/97 la chaka cha 1997, ndipo ntchito zikuluzikulu monga migodi ndi madamu zimayenera kuunikidwa kaye mmene zidzakhudzire nthaka, madzi, mpweya ndi anthu, komanso eni dera amayenera kufunsidwa pamsonkhano. Palinso lamulo la 2005 lakuti magawo 20 pa 100 a misonkho ya mitengo ndi nyama zakutchire azibwerera ku midzi kumene zachokera. Pa pepala zili bwino. Koma pamsonkhano wotere alendo amabwera ndi mabuku okhuthala odzaza manambala, ndipo mudzi umabwera ndi mtima wowawa basi. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti apereke malo ku mgodi wa Moatize, ambiri n'kupita ku Cateme. Madandaulo awo anali a nthaka yosabereka, madzi ovuta ndi kutalikira msika, ndipo mu Januwale 2012 anatseka njanji. Nthaka ndi madzi n'zinthu zoyezeka anthu asanasamuke. Ndimalakalaka mudzi uliwonse utakhala ndi mwana wake mmodzi wotha kutsegula buku la alendo lija, kupeza tsamba la madzi, n'kufunsa mwaulemu kuti, bwana, munayeza mwezi uti, pa zitsime zingati, nanga m'chilimwe munabweranso?

Kuti mufike pamenepo simufunika kudikira makina. Gulani kope lachikuto cholimba la zimenezi zokha. Pezani chitini chowongoka m'mbali, chofanana kukamwa ndi pansi, muchiike pa chipika pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse pa ola lomwelo viikani rula, lembani tsiku ndi mamilimita, n'kukhuthula. Tsiku lopanda mvula lembani 0, osasiya mpata, chifukwa masiku ouma a pakati pa dzinja ndi amene amapha chimanga chikamamasula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi woyamba manambalawo sadzakuuzani kanthu.

Kenako pitani kwa achikulire, mukhale pansi bwinobwino n'kufunsa. Agogo, kodi mfuleni uwu unkauma mwezi uti muli mtsikana? Nsomba zanji zinkapezeka? Nkhalango inkalekeza pati? Lembani dzina la malo, chaka chimene akukumbukira, ndipo mufunsenso ena awiri kapena atatu payekhapayekha kuti muone ngati zikugwirizana. Pa chitsime cha mudzi, pemphani chilolezo kwa a komiti, mutenge chingwe choyera chomanga mfundo pa theka la mita lililonse ndi mwala wotsuka kunsonga. Yezani kuchokera pa mlomo wa chitsime kufika pamene madzi ayambira, tsiku loyamba la mwezi uliwonse, m'mamawa anthu asanayambe kutunga. Muike chizindikiro pa mlomopo kuti muziyezera malo amodzimodzi, ndipo mukapita ku sukulu kutali, kopelo musiyire mng'ono wanu mutamuphunzitsa kawerengedwe ka mfundozo.